Mbalame yovala mphete kumwendo, zachitika bwanji?

Funso: Ankolo, mlamu wanga wagwira kambalame ku Chilwa kali ndi mphete yachitsulo kumwendo, yolembedwa manambala. Si zamasalamusi izi? Wowerenga, Zomba.

Yankho: Ayi achimwene, mtima m'malo, amaveka mphetezo ndi akatswiri ofufuza kuti adziwe komwe mbalame zimapita, poti kukayamba kuzizira ku Ulaya zambiri zimathawira kuno cha mu Okutobala nkubwerera mu Malichi kapena Epulo kukaswa. Mu 1822 ku Germany anapeza dokowe ali ndi mkondo wa ku Africa pakhosi, ndiye anthu anayamba kukhulupirira za maulendowa. Januwale aliyense mbalame za m'madzi amaziwerenga m'maiko ambiri, kalemberayu anayamba mu 1967. Alamuwo ajambule nambalayo pafoni, atumize ku adiresi ili pamphetepo, kambalameko akasiye kazipita, kanyama kake nkochepa kale.