Amalume akuti wophunzira sakhala wamalonda

Mnyamata wina wa ku Mufakose, mwana wa kwathu yemwe makolo ake anachokera ku Ntcheu, wandilembera imelo. Wamaliza chemistry ku University of Zimbabwe, ndipo kampani ina ikufuna azikaigulitsira zipangizo za mu labu zofufuzira mabatire. Akufunsa ngati alowe, poti amalume ake akuti munthu wa digiri sayenda ndi katalogu m'manja.

Achimwene, amalume anuwo ndikuwadziwa ngakhale sitinaonanepo. Anga analankhula zomwezo. Bambo anga anagwira ntchito ya mu mgodi mpaka msana unapindika, ndiye kwa iwo sukulu inkatanthauza jasi yoyera ndi mpando wako wako. Nditayamba ntchito yomweyi yogulitsa zipangizo za mu labu, ku tchalitchi ku Highfield anthu ankandifunsa monong'ona ngati ku yunivesite ndinalephera. Mayi ankangoti "ali ku kampani," n'kusintha nkhani msanga. Zinkandiwawa, ndipo kalata yanu yandikumbutsa kuti mpaka lero chilondacho sichinapole bwinobwino.

Chemistry yeniyeni ndinaigwiritsa ntchito kwambiri nditayamba kugulitsa kuposa nthawi yomwe ndinkatsuka mabotolo mu labu. Tsiku lina bwana wina wa kamgodi kakang'ono anabwera atatsimikiza mtima kugula XRF ya m'manja, makina oyezera zitsulo ndi ma X-ray, kuti aziyezera lithium, chitsulo chopangira mabatire, m'miyala yake, ndalama zili kale m'thumba. Ndinamuuza kuti makinawo lithium saiona n'komwe, chifukwa ndi yopepuka kwambiri, nambala 3 pa periodic table. Akufuna kuiona pompo, agule LIBS, makina oyezera ndi laser. Akufuna manambala oti wogula wa kunja awakhulupirire, atumize zitsanzo ku labu yokhala ndi makina akuluakulu oyezera a ICP kapena AAS. Anachoka atakwiya osagula kanthu. Patapita nthawi anabweranso, ndipo anabwera ndi anzake. Wamalonda wosadziwa chemistry akanalandira ndalama zija tsiku lomwelo, dzina lake n'kuthera pomwepo, chifukwa anthu a migodi ku Zimbabwe kuno amadziwana onse.

N'chimodzimodzi ndi glovebox, bokosi lotseka logwiriramo ntchito ndi magolovesi kuti mpweya wa kunja usalowe. Kasitomala adzakufunsani chifukwa chake muikemo mpweya wa argon pomwe nitrogen ndi yotchipa. Muyenera kuyankha osatsegula foni kuti lithium imagwirana ndi nitrogen. Muyenera kudziwanso chifukwa chake madzi ndi oxygen m'katimo ziyenera kukhala pansi pa 1 ppm (gawo limodzi pa miliyoni), komanso kuti mchere wa LiPF6 wa mu electrolyte, mankhwala amadzimadzi a mkati mwa batire, ukakumana ndi chinyezi umatulutsa HF, asidi woopsa zedi. Amalume abwere adzayankhe zimenezo.

Koma pali china chomwe kampani yanuyo mwina sinakuuzeni, ndipo apa ndilankhula mosabisa. Anthu ofufuza za mabatire kuno ndi ochepa. Mudzapita ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, mudzapita ku Harare Institute of Technology ku Belvedere, ku bungwe lofufuza za sayansi la SIRDC, mwinanso ku yunivesite ya NUST ku Bulawayo. Mudzakumana ndi madokotala a sayansi anzeru omwe maso awo amawala akamva za potentiostat, makina oyezera mmene magetsi akuyendera mu batire, ya kampani ya BioLogic kapena Gamry, ndipo onse adzakupemphani kotesheni. Kotesheni imeneyo ikupita mu pempho la thandizo la ndalama, ndipo yankho lake lingadzabwere mwana wanu atayamba kuyenda. Ndalama zili ku migodi. Mu 2022 kampani ya Huayou Cobalt inagula mgodi wa lithium wa Arcadia kufupi ndi Goromonzi pa madola a ku America 422 miliyoni, ya Sinomine n'kugula mgodi wa Bikita pa 180 miliyoni. Mu Disembala chaka chomwecho boma linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonza. Aliyense wogulitsa spodumene concentrate, miyala ya lithium yopera ndi kusefa, amafuna kudziwa ngati yafika pafupi ndi 6 peresenti ya Li2O (muyeso wa lithium amene alimo), ndipo ameneyu sachedwa kulipira. Ndiye amene akuti ntchito yanu ndi ya mabatire okha akukunamizani. Mudzadya za ma crucible (timakapu totenthetseramo zitsanzo), ma standard (zitsanzo zodziwika kale zowongolera makina), sikelo ndi ng'anjo zoumitsira, cycler ya Neware yoyesera mabatire n'kumagulitsa mwa apo ndi apo.

Ndisaiwale magetsi. Cycler imatchaja ndi kutsitsa timabatire tozungulira ngati ndalama yachitsulo ta CR2032 kwa masabata osaima. Madzi akatsika ku damu la magetsi la Kariba, magetsi n'kumazima tsiku lonse, ntchito ya wophunzira wa masters imasokonekera, ndipo foni yoyamba saimbira wina ayi, amaimbira inu amene munamugulitsa. Ine sindilembanso kotesheni yopanda UPS kapena inverter, zopereka magetsi akazima. Akakana, ndimalemba mu imelo kuti ndinawachenjeza. Ena amati ndine wovuta. Anene.

Za katundu pa malire

Lithium ya chitsulo ndi electrolyte zili m'gulu la katundu woopsa, sizikwera ndege ngati phukusi wamba. Zambiri zimadzera ku Johannesburg n'kulowera pa Beitbridge, ndipo pepala limodzi likasowa katundu amagona pamenepo kasitomala akukutukwanani. Phunzirani mapepala a ZIMRA, bungwe la misonkho, ndipo ngati mukufuna ma tender a boma, onetsetsani kuti kampaniyo inalembetsa ku PRAZ, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. Chichokereni kubwera kwa ndalama ya Zimbabwe ya ZiG mu Epulo 2024, funso loyamba pa oda iliyonse limakhala lakuti kasitomala alipira mu ndalama iti, ndipo liti. Pali mnzanga wina amene komishoni yake inasungunuka yense akudikira malipiro, nkhani yake ndidzaikamba tsiku lina chifukwa ndi yaitali.

Tsono yankho lanu: lowani. Musanasaine, funsani ngati pali malipiro okhazikika a pamwezi osati komishoni yokha, komanso ngati komishoniyo imabwera oda ikasainidwa kapena kasitomala akalipira. Funsani amene amakonza makina akawonongeka. Akayamba kuchita chibwibwi pa funso limenelo, dziwani kuti wokonzayo ndinu, ndiye muwauze akutumizeni ku maphunziro a kampani yopanga makinawo, ndipo alembe zimenezo mu kontrakiti. Laisensi yoyendetsera galimoto mukhale nayo, Bikita si pafupi. Amalume muwapatse moni, muwauze kuti mwana wa a Phiri a ku mgodi akuti jasi yoyera mudzaivalabe tsiku lililonse lokaika makina kwa kasitomala.