Matenda ndi a m'mapapo, nanga magazi atayikira bwanji mu ubongo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena okhala ku England, dzina sinditchula. Akuti achimwene awo anadwala flu yoopsa mpaka mapapo kukanika, anawaika pa ventileta, mashini othandiza kupuma, sizinathandize, kenako anawasamutsira pa mashini a ECMO, ndiye patapita masiku angapo madokotala akuti sikani yaonetsa kuti magazi atayikira mu ubongo. Funso lawo ndi lakuti matenda a m'chifuwa afika bwanji kumutu, kapena alakwitsa mankhwala?

Achemwali pepani kwambiri, zowawa izi. Mtima pansi kaye.

ECMO ija imatulutsa magazi m'thupi kudzera pa chipaipi cholowa mu mtsempha waukulu wa pantchafu kapena wa pakhosi, magaziwo amakalandira okosijeni mu mashini n'kutaya carbon dioxide, kenako n'kubwerera m'thupi, mapapo akupumulako. Koma magazi akangokhudza pulasitiki amafuna kuundana, ndiye madokotala amapereka heparin kuti asaundane. Nkhani yonse yagona pamenepa. Heparin akachepa mashini amatsekeka, akachuluka kamtsempha kakang'ono ka mu ubongo kakaphulika magazi sasiya msanga kutuluka, ndipo vayirasi ikakula chonchi imakhala yawononga kale makoma a mitsempha. COVID-19 ndiye inkanyanya, wodwala m'modzi yemweyo kwina magazi akuundana kwina akutayikira, dokotala apite kuti?

Pampu ya mashiniwo nayo imaphwanya ma platelet, tizidutswa ta m'magazi tothandiza kuti aundane, komanso mapuloteni othandiza kutseka bala. China chomwe ambiri sadziwa, munthu amafika pa ECMO carbon dioxide itakwera kwambiri m'magazi, ikatsika mwachangu mitsempha ya mu ubongo imafinyika mwadzidzidzi, ndipo akafukufuku anaona kuti ngozi imakula zikatero. N'chifukwa chake amaitsitsa pang'onopang'ono ngakhale mashini angathe kuichotsa nthawi yochepa.

Si zachilendo ayi. Mu 2009 nthawi ya chimfine cha H1N1, ku Australia ndi New Zealand anaika odwala 68 pa ECMO, ndipo ena mwa amene anamwalira chinawatenga ndi chomwechi. Mu 2020 magazini ya Lancet inatulutsa za odwala COVID-19 okwana 1,035 amene anali pa ECMO m'maiko 36, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 alionse magazi anatayikira mu ubongo.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sanadziwe tsiku lomwelo. Munthu wa pa ECMO nthawi zambiri amakhala atamugoneka ndi mankhwala, sanganene kuti mutu ukuwawa, simungaone kuti dzanja lafooka kapena pakamwa papindika. Manesi aja mumawaona akuwalitsa katochi m'maso pafupipafupi, sakusewera ayi, akuyang'ana ngati kadontho kakuda ka diso limodzi kakula kuposa kanzake. Ndipo kunyamula munthu ndi mapaipi onse aja kupita naye ku sikani ya CT ndi chintchito, anthu angapo kukankha bedi ndi mashini limodzi.

Ine maganizo anga, kutayikira kokhako si umboni woti wina walakwitsa. Popanda ECMO achimwene anuwo mwina sakanafika n'komwe lero. Komanso kutayikira kumasiyana, kwina n'kochepa kongooneka pa sikani ndipo anthu amachira, kwina n'kwakukulu kopanikiza ubongo. Ndiye pemphani kukumana ndi adokotala akulu a ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, ufulu umenewo muli nawo. Afunseni kukula kwake ndi mbali ya ubongo yomwe yakhudzidwa, ngati ayimitsa heparin poti ECMO imatha kuyenda kwa kanthawi popanda iye, ngati madokotala a ubongo aiona sikaniyo, ndi tsiku loti ajambulenso. Mutenge munthu wina wa kope ndi peni azikulemberani, chifukwa mutu ukatentha mukatuluka m'chipinda muja theka la zomwe anena mutaiwala.