Akazi ankalemba, koma osankha anali amuna

Mwafunsa ngati kuchepa kwa alakatuli aakazi m'timakampani ting'onoting'ono tosindikiza mabuku kukusonyeza kuti akazi sankalemba ndakatulo. Ayi ndithu, ankalemba. Nkhani inali pa amene ankasankha zoti zisindikizidwe.

Timakampani totere ndi timagazini tawo nthawi zambiri timayendetsedwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, ndipo amatenga ndakatulo za anzawo omwe amacheza nawo. Gululo likakhala la amuna okhaokha, mkazi alowera pati? Taonani buku la ndakatulo za alakatuli a ku America lomwe Donald Allen anasonkhanitsa mu 1960, The New American Poetry: mwa alakatuli 44, akazi anali 4 okha, mmodzi mwa iwo Denise Levertov.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti akaziwo ndiwo ankakhetsa thukuta kuseri. Hettie Jones ankataipa ndi kukonza magazini ya Yugen pamodzi ndi mwamuna wake LeRoi Jones, koma wotchuka anali bamboyo. Buku loyamba la ndakatulo za mayiyu linadzatuluka mu 1998, tangoganizani.

Akazi ena anatopa n'kudikira. Mlakatuli wamkazi Alta anayambitsa kampani yosindikiza mabuku ya Shameless Hussy Press ku California mu 1969, ndipo mu 1980 Barbara Smith, Audre Lorde ndi anzawo anakhazikitsa Kitchen Table Press yosindikiza zolemba za akazi omwe si azungu.