Mbiri ya bambo anu isathere pa mphasa

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera pa imelo. Bambo ake anamwalira chaka chatha atavutika ndi shuga ndi impso, chiliza akuvumbulutsa mwezi wamawa, ndipo abale amusankha kuti alembe mbiri. Akuti akatseka maso akungowaona ali gone, ndiye alembe chiyani, nanga matendawo awatchule?

Achemwali, funso lanu landikumbutsa amalume anga. Anali telala, makina awo a Singer ankakhala pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Sitiroko itawagwira, dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa n'kupotoka, ndipo anakhala choncho zaka zambiri. Pamaliro wowerenga mbiri anatchula chaka chobadwa, sukulu, ukwati, ana ndi adzukulu, kenako "anadwala kwa nthawi yayitali", abusa n'kuimirira. Zaka zonse zija zinangothera pomwepo.

Chonsecho munthuyo sanasiye kukhala mutu wa banja. Mwana wawo wamkazi anamuphunzitsa kudula nsalu akuloza ndi dzanja lamanzere, ndipo kolala ikapindika molakwika ankakalipa mpaka oyandikana nawo kumva. Milandu ya mbumba inkabwerabe kwa iwo, maukwati ogwedezeka ankakonzedwa pamphasa yomweyo. Bullets ikamasewera, wailesi pakhutu, aliyense chete. Anali ovutanso, tisabise. Ndiwo zopanda mchere zimene adokotala analamula ankazikankha, n'kumatuma adzukulu mobisa kukagula kanyenya. Ine ndikamawakumbuka ndimayamba ndi kanyenyayo, osati chaka chimene anabadwa.

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi chakuti akazi awo sanatchulidwe, kupatula kuti "asiya mkazi mmodzi". Mayi amene ankagona pansi m'wodi, kuphika kukhitchini ya odikirira odwala, kuwatembenuza usiku kuti asatuluke zilonda kumsana, kuchapa zofunda m'bandakucha anthu asanadzuke. Amene anapatsidwa nthawi yolankhula anali achibale a m'tauni omwe nthawi ya matenda foni yawo sinkapezeka. Tsiku la maliro anabwera ndi bokosi lonyezimira ndi nkhata zodula. Ndalama ya bokosi limenelo ikanalipira thiransipoti ya ku fiziyo, kolimbitsa ziwalo, kwa nthawi yayitali ndithu. Ife Amalawi timadziwa kulira maliro kuposa kudwazika matenda, ndipo amene akwiye ndi mawu amenewa akwiye. Zilizanso zayamba kukhala mpikisano, matailosi, mahema, yunifolomu ya nsalu banja lonse, pamene mayi wamasiye denga likudontha. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Za kutchula matenda, ine ndili mbali ya kutchula. Mu 1987 Kenneth Kaunda, ali pulezidenti wa Zambia, anauza dziko kuti mwana wake Masuzgo anamwalira ndi Edzi, nthawi imene anthu ankaopa ngakhale kulitchula dzinalo. Nelson Mandela anachitanso chimodzimodzi mu 2005 za mwana wake Makgatho. Nanga ife tikubisiranji shuga? Shuga ndi BP zimayenda m'magazi a pabanja, ndipo zikalekereredwa ndi zomwe zimawononga impso mpaka munthu kufika pa dialysis, makina osefa magazi, kumapita ku Kamuzu Central kapena ku Queens sabata ndi sabata. Tikabisa, pamudzi pamatsala mpata wa manong'onong'o, ndipo posachedwa agogo ena osalakwa amayamba kulozedwa zala kuti ndi amene analodza. Mukatchula, mwina mng'ono wanu apita kukayezetsa.

Tsono mulembe chiyani?

Musalembe nokha. Khalani pansi ndi amayi anu, achimwene a malemu ndi mnzawo mmodzi wa kuntchito kapena kumpingo, aliyense akuuzeni nkhani imodzi, ina ya asanadwale, ina ya ali kudwala. Sankhani zitatu, ndipo imodzi ikhale yoseketsa. Tchulani mayina a amene anadwazika, kuyambira amayi anuwo. Dzina la matenda afunseni iwo kaye, akakana musakakamize. Mbiriyo isapitirire tsamba limodzi, chifukwa mwezi wamawa dzuwa likhala likuswa mtengo ndipo kumanda kulibe mipando.