Funsani Tikuyankheni: Ulendo wa banja unasokonekera panjira

Funso

Ndine mayi wa ana atatu. Mwezi wathawu ine ndi bambo a kunyumba tinakonza zoti Loweruka titenge ana pa galimoto yathu kukacheza kutali ndithu, n'kubwerako Lamulungu. Tinapangana zonyamuka m'mamawa, koma chifukwa cha kulongedza tinanyamuka dzuwa litakwera. Tili pachitunda china chachitali, injini inatentha mpaka nthunzi inayamba kutuluka. Bambo anaima n'kutsegula chivindikiro cha radiyeta nthawi yomweyo, ndipo madzi owira anawawotcha pamkono. Titapitiriza ulendo tayala linaphwa, ndipo la sipeya nalonso linapezeka lopanda mpweya. Mwana wamng'ono ankangosanza njira yonse. Tinafika usiku, aliyense atakwiya. Tsopano bambo akuti sitidzayendanso ndi ana, ndipo akuti ndine ndinasokoneza ulendo pochedwa. Kodi chinalakwika n'chiyani, nanga ndiwauze bwanji?

Mayi wodandaula

Yankho

Pepani kwambiri mayi, ndipo tikukhulupirira kuti mkono wa bambo ukupola. Kuchedwa kunyamuka kunachititsa kuti mukwere chitunda dzuwa likuswa mtengo komanso kuti mufike kutada, zimenezo n'zoona. Koma galimoto yabwinobwino siiwira chifukwa choti yanyamuka mochedwa, ndipo tayala la sipeya silinathe mpweya m'mawa umenewo. Mavuto aakulu a ulendo wanu analipo kale galimoto isanatuluke pageti, kungoti panalibe amene anawafufuza.

Injini imatentha mopitirira muyeso kawirikawiri chifukwa madzi oiziziritsa achepa, paipi ikudontha, fani yasiya kuzungulira, kapena radiyeta yatsekeka ndi dzimbiri. Galimoto ya vuto lotere imatha kuyenda miyezi yambiri m'maulendo aafupi popanda kuonetsa chilichonse, koma ikadzaza anthu ndi katundu n'kupatsidwa chitunda chachitali, vutolo limaonekera. Singano ya kutentha ikayamba kukwera, woyendetsa azimitse makina oziziritsa m'kati, ayatse hita ngakhale kukutentha, chifukwa hitayo imakoka kutentha kwina kuchoka mu injini, kenaka aime pamalo otetezeka n'kuzimitsa injini.

Zimene bambo anachita pa chivindikiro ndi zimene tikufuna owerenga onse amvetsetse, chifukwa anthu ambiri apsa nkhope ndi manja mwa njira yomweyi. Madzi paokha amawira pa madigiri 100, koma a mu radiyeta amakhala otsekeredwa mwamphamvu, choncho amatha kutentha kupitirira pamenepo osawira. Munthu akangotsegula chivindikiro, mphamvu imene inkawapanikiza imachoka, ndipo madziwo amawira nthawi yomweyo n'kufwamphuka pamodzi ndi nthunzi. Pamafunika kudikira mphindi zosachepera 30, kenaka n'kutsegula pang'onopang'ono ndi nsalu yokhuthala, nkhope ili kutali. Kuthira madzi ozizira mu injini yotentha kwambiri nakonso n'koopsa, chifukwa chitsulo chikazizira mwadzidzidzi chimatha kung'aluka. Popeza injini yanu inatentha chotere, tikupempha kuti makaniko aione galimoto yanu ngakhale ikuoneka ngati ikuyenda bwino, makamaka gasiketi, chotsekera cha m'kati mwa injini chimene chimaletsa madzi ndi oilo kusakanikirana. Ngati ikutulutsa utsi woyera wambiri, ikumwa madzi, kapena oilo wasanduka wotuwa ngati wasakanizika ndi mkaka, musaiyendetsenso isanakonzedwe. Ndipo munthu akapsa, pamalopo pathiridwe madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osapakapo mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Ngati bala ndi lalikulu kapena latuluka matuza ambiri, apite kuchipatala.

Tayala la sipeya limataya mpweya pang'onopang'ono ngakhale likungokhala, ndipo limaiwalika chifukwa silioneka. Liyezedwe pamodzi ndi ena onse, matayala asanatenthe ndi kuyenda. Mlingo woyenera wa mpweya umalembedwa pa kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko cha woyendetsa kapena m'buku la galimoto, ndipo kawirikawiri pamakhala mlingo wina wokwererapo wa galimoto yodzaza. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limatha kuphulika ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya. Ngati sipeya yanu ndi yaing'ono ija yongothandizira, musapitirire nayo liwiro la makilomita 80 pa ola. Jeki ndi sipanala nazo ziyesedwe pakhomo, chifukwa manati omangidwa ndi makina amavuta kumasula ndi sipanala yaifupi.

Za mwanayo musade nazo nkhawa kwambiri. Nseru ya m'galimoto imabwera pamene maso akuona zinthu zosayenda m'kati, koma khutu lam'kati likumva kuti thupi likuyenda, ndipo imavutitsa kwambiri ana a zaka zapakati pa 2 ndi 12. Akhale pamene angathe kuona kutsogolo, atamangidwa lamba, asayang'ane foni kapena buku, adye pang'ono asananyamuke, ndipo zenera likhale lotsegula pang'ono. Kupuma mphindi 15 pakatha maola awiri aliwonse kumathandiza mwana, komanso woyendetsa amene tulo timayamba kumuzembera iye asakudziwa.

Tsopano za bambo. Ife tikuona kuti mawu awo akuchokera m'mantha ndi manyazi kuposa mkwiyo. Munthu amene waima m'mbali mwa msewu, mkono ukuwawa, ana akulira, dzuwa likulowa, amadziona ngati walephera kuteteza banja lake, ndipo n'zosavuta kuti aloze chala mnzake. Musayambe ndi kuwawerengera zimene sanachite, ngakhale mukuzidziwa tsopano. Dikirani nthawi imene ana agona, muvomereze mbali ya kuchedwa popanda kusenza zimene si zanu, kenaka muwauze kuti mukufuna mudzayendenso monga banja ndipo mukufuna mugawane ntchito. Iwo apite ndi galimoto kwa makaniko kutatsala masiku angapo, osati Lachisanu madzulo pamene palibe nthawi yokonza chimene chapezeka. Katundu alongedzedwe usiku, ndipo aliyense, ngakhale ana okulirapo, akhale ndi chake choyang'anira.

Ulendo wotsatira ukhale waufupi, wopita ndi kubwera tsiku lomwelo, ndipo pa nthawi imene mukuganiza kuti mutenga panjira muwonjezerepo ola limodzi kapena awiri. Mutenge madzi akumwa okwanira, madzi ena a galimoto, tochi, zikwangwani zochenjeza za makona atatu, bokosi la chithandizo choyamba ndi foni yodzaza moto, ndipo wachibale mmodzi adziwe njira imene mwadzera ndi nthawi imene mukuyembekezera kufika.