Alamu, musanamupatse Panadoyo, tamverani kaye

Eee, moni nonse pagulu pano. Alamu, uthenga wanu ndaumva, kungoti foni ndinaisiya mu loka, mu wodi satilola kuyenda nayo. Mwati mwana watentha thupi kuyambira usiku, muli ndi Panado wamadzi, ndiye mukufunsa ngati mungamupatse supuni imodzi monga mumachitira ndi mkulu wake. Ndamvanso amayi kumudziko akuti mungophwanya theka la piritsi, kapena mumunyambititse ka Grand-Pa pang'ono.

Amayi, musandiyese wamwano, tonsefe tinakulira m'manja mwanu, koma Grand-Pa ayi ndithu. Mu ufa umene uja muli aspirin, mulinso caffeine. Aspirin sitipatsa mwana wosakwana zaka 16, chifukwa akhoza kuyambitsa matenda otchedwa Reye's syndrome, otupitsa ubongo ndi kuwononga chiwindi, makamaka mwana akakhala ndi chimfine kapena katsabola. Disprin nayenso ndi aspirin yemweyo. Piritsi la Panado la akuluakulu ndi 500 mg, theka lake 250, ndiye kuti kawiri muyezo wa mdzukulu wanuyu. Komanso kuphwanya ndi mpeni sikulingana, mbali ina imakula.

Tsopano alamu, tengani kabuku ka kusikelo kaja, Road to Health. Muyezo wa mankhwala a mwana sitiyendera miyezi yake kapena kuti akuoneka wonenepa, timayendera kulemera kwake. Ifenso mu wodi mwana akangofika, choyamba ndi pasikelo. Paracetamol, amene ndi mankhwala ali mu Panado ndi Calpol, timapereka 10 mpaka 15 mg pa kilo iliyonse. Paja munati mwezi watha anakwana makilo 8, miyezi yake 8. Ndiye 15 kuchulukitsa ka 8 ndi 120 mg, osapyola pamenepo.

Apa ndiye pamene anthu ambiri amapunthwa, ndimvetsereni bwino. Panado wamadzi wa ana alipo wa mitundu iwiri. Pali wa botolo lalikulupo, olembedwa 120 mg/5 ml. Ngati ndi ameneyo, mwanayu ndi 5 ml. Koma pali kabotolo kakang'ono ka madontho a makanda, kamene kamalembedwa 60 mg mu 0.6 ml. Kameneko n'kaukali kwambiri, kuposa kanayi mphamvu ya mnzake uja. Kwa mwana wa makilo 8, madonthowo ndi 1.2 ml basi. Munthu akathira 5 ml ya madontho poganiza kuti Panado ndi Panado, wamwetsa khanda 500 mg, piritsi lathunthu la bambo ake. Ndiye musadalire mtundu wa bokosi kapena kukumbukira kwanu. Tembenuzani botolo, werengani manambala, muonenso tsiku lothera ntchito.

Za supuni ya tiyi ija, ibwezereni mu shuga. Masupuni a m'nyumba salingana, ina yakuya, ina yaphwatalala. Pitani ku Clicks kapena ku Dis-Chem kapena pa famase iliyonse kufupi nanu ku Rosettenville konko, mukapemphe sirinji yomwetsera mwana, yopanda singano, ya 5 ml. Siidula. Kokani mankhwala mpaka mphira yakuda ija ifike ndendende pa mzere, muiyang'ane pamalo owala, osati mu mdima wa lodishedingi ndi tochi ya foni yakufa.

Pomumwetsa mumukhazike pamiyendo, mutu uli m'mwamba pang'ono, ngati mukufuna kumuyamwitsa. Kamwa ya sirinji ilowe pambali, m'kati mwa tsaya, osaloza kukhosi. Finyani pang'ono, dikirani ameze, finyaninso. Zija zomutsina mphuno kuti ayasamule, atagona chagada, anthu awiri atamupanikiza, zimatsamwitsa, mankhwala n'kulowa m'mapapo. Musasakanizenso mu botolo lonse la mkaka kapena mu mbale ya phala, akasiyira pakati simudziwa kuti walowa wochuluka bwanji. Akalavula kapena kusanza, musathamangire kuonjezera wina, funsani kaye a famase kapena ine.

Nthawi: pakati pa muyezo ndi muyezo papite maola 4 mpaka 6, ndipo asapyole kanayi pa maola 24. Ndikupempheni chinthu chimodzi chimene chimaoneka chachibwana. Matani pepala pa furiji, aliyense akamupatsa alembe ola ndi ma ml. Kuno ku Joni mwana amadutsa m'manja ambiri, inu mukulawirira kuntchito, achimwene akuchokera ku shifiti ya usiku, masana ali kwa mayi wosunga ana uja. Tinagonekapo kamwana kotero: mayi anapatsa m'mawa, bambo pofika anapatsanso, wosunga ana n'kuonjezera mankhwala a chimfine amene m'kati mwake munalinso paracetamol. Palibe amene anali ndi cholinga choipa. Choopsa chake n'chakuti paracetamol akachuluka, tsiku loyamba mwana amaoneka bwinobwino, akusewera, chiwindi chimadzaonetsa patapita masiku awiri kapena atatu. Mankhwala othetsa poizoniyo alipo kuchipatala, koma amagwira bwino m'maola 8 oyambirira. Ndiye mukangokayikira kuti wachuluka, musadikire zizindikiro. Nambala ya za poizoni kuno ndi 0861 555 777, usana ndi usiku, isungeni nonse pagulu pano. Ife anamwino, ndi sukulu yonse ija, mankhwala a khanda timawerengera awiri, wina kutsimikiza mnzake, kenako kusaina. Ndiye pepala la pa furiji lisakuchititseni manyazi.

Amoxicillin wotsala wa mkulu wake amene ndinamuona kwanu tsiku lija, tayani. Akasungunulidwa ndi madzi sapitirira masabata awiri ngakhale mu furiji, komanso analembera mwana wina, matenda ena. Mankhwala a chifuwa a m'masitolo ayi pa msinkhu uwu. Uchi ayi mpaka akwane chaka. Muyamwitseni pafupipafupi, mumuchotse majuzi ndi mabulangete atatu aja.

Koma chimene chandichititsa kuti ndisadikire kuweruka ndi ichi. Mwangobwera kumene kuchokera kumudzi, simunathe mwezi, ndipo munagona ku Salima m'mbali mwa nyanja. Mwana wotentha thupi amene wachokera ku Malawi, ayezedwe malungo lero lomwe. Panado angoziziritsa thupi, inu n'kumati wachira, tizilombo tikuswana m'magazi. Johannesburg kulibe malungo ogwidwira konkuno, ndiye nesi wa pakiliniki mwina sangaganizeko pokhapokha mutamuuza nokha. Nenani poyamba penipeni kuti tinali ku Malawi, tabwera tsiku lakuti, chonde muyezeni malungo. Ngati munabwera ndi LA mu chikwama, musamupatse asanayezedwe.

Ndikudziwa chimene chikukuzengerezetsani, nkhani ya mapepala ndi ndalama. Mwana wosakwana zaka 6 amayenera kuthandizidwa ulere m'zipatala za boma, ndipo khoti lalikulu kuno ku Gauteng linagamula mu 2023 kuti zimenezi n'za mwana aliyense posatengera dziko lochokera. Pakhomo pena amavutitsa, sindikana, koma pitani ndi achimwene, mutenge kabuku kaja ndi botolo la Panadolo, muwauze ola limene munamupatsa komaliza.

Ndipo ngati akukana bere, akusanza chilichonse, akupuma mothamanga chifuwa chikulowa m'kati, liwombo lalowa kapena latupa, thewera likukhala louma, wafooka osadzuka bwino, kapena wagwidwa ndi linjirinjiri, za kiliniki zisiyeni. Pitani molunjika kuchipatala chachikulu chimene chili pafupi, chingakhale Rahima Moosa ku Coronationville kapena Charlotte Maxeke ku Parktown. Ambulansi ndi 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja.

Jambulani botololo mbali ya manambala munditumizire musanamupatse, foni ndiika m'thumba mwakachetechete. Achimwene, ndikuona mwamvera uthengawu, musapite kukagona, perekezani mkazi wanu.