Funsani za Mawu: Mdala, Agogo, Ntchembere ndi Nkhalamba

FUNSO: Ndinabadwira ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, koma makolo anga ndi a ku Dedza. Pa maliro ena ku Mbare ndinapereka moni kwa bambo wachikulire kuti "Muli bwanji mdala?" Titafika kunyumba amayi anandikalipira. Chonsecho anzanga achishona amati mudhara kwa bambo awo tsiku ndi tsiku. Ndinalakwa pati? Mnyamata wa ku Mufakose

YANKHO: Achimwene, munalakwitsa mawu, munalakwitsanso malo owanenera. Mawu akuti mdala anachokera ku Chizulu ndi Chindebele, kumene tsinde la -dala limanena za chinthu chakale kapena munthu wamkulu msinkhu. Anafala ndi chilankhulo cha m'migodi ndi m'mafamu, chija kuno ankachitcha Chilapalapa ndipo ku Joni ankati Fanakalo. Azigogo athu amene ankayenda pa Wenela ndi pa Mthandizi, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za kunja, anabwerera nawo kumudzi, Ashona nawo anawatola n'kukhala mudhara.

Lero achinyamata ku Malawi amati "madala anga" ponena bambo, monga amanenera "masteni" ponena mayi, ndipo amaitananso okhaokha kuti madala. Koma awa ndi mawu a pamsewu, oyankhula mwiniwake palibe. Ulemu wa Chichewa umakhala pa "a" woyambirira uja: abambo, amayi, agogo, ndipo mneni amatsatira, "afika", "akudwala". Mdala alibe "a" ameneyu, n'chifukwa chake m'khutu mwa munthu wamkulu amamveka ngati mukumuyesa mnzanu wa pa bawo. Pa siwa mukananena kuti "Pepani abambo" mutanyonyomala, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja popereka moni. Amayi anu anachita bwino kukudzudzulani.

FUNSO: Mwana wanga akaitana bambo anga kuti "agogo", ana a oyandikana nafe amamuseka. Kodi ndimusiyitse? Mayi wa ku Mabvuku

YANKHO: Musamusiyitse mayi, mwanayo akulondola. M'Chichewa agogo ndi onse awiri, ndipo pofuna kusiyanitsa timati agogo aamuna, agogo aakazi. Anawo akuseka chifukwa kuno gogo ndi wamkazi yekha. Wamwamuna Ashona amati sekuru. Muuzeni mwanayo kuti pakhomo azinena agogo, koma akamauza anzake achishona azinena sekuru. Adziwenso kuti sekuru amakhudza mlongo wa amayi, amene ife timati atsibweni kapena amalume.

Msampha wina uli pa ambuye. M'madera ena a Achewa ambuye ndi agogo, ndipo m'tchalitchi Ambuye ndi Mulungu. Ambuya a Chishona ndi agogo aakazi kapena apongozi aakazi. Kalembo kamodzi kokha kakusiyanitsa, koma mkamwini akakasokoneza pakhomo pa apongozi amachita manyazi. Mabanja ochokera kummwera, makamaka a Chiyao, mudzawamva akuti anganga.

FUNSO: Pa msonkhano wa amayi a Mvano mlendo wochokera ku Lilongwe anandiuza kuti "Ndinu ntchembere inu." Ndili ndi zaka 29 ndi ana awiri. Ndinakwiya. Kodi ndikuoneka wokalamba choncho? Mayi wa ku Highfield

YANKHO: Anakuyamikirani, mayi. Inu munamva ndi khutu la Chishona, m'mene chembere ndi mayi wokalamba. Ntchembere ya Chichewa ndi mayi amene anabereka, kaya ali ndi zaka 20 kaya 50. N'chifukwa chake azaumoyo ku Malawi amati uchembere wabwino ponena za kubereka mosaika moyo pachiswe, ndipo akuluakulu amati uchembere n'kudyerana, kutanthauza kuti mwana wa mnzako umamusamala ngati wako. Wokuuzani kuti ndinu ntchembere akunena kuti mwakula m'nzeru, mukhoza kulowa m'nyumba imene amayi akukambirana za chikuta kapena kulangiza namwali. Chenjerani kokha kuti musabweze mawuwa kwa mnzanu wachishona wa zaka zanu.

FUNSO: Mpingo wathu ukukonza chakudya cha anthu okalamba ndipo ine ndi amene ndilembe chilengezo. Ndilembe kuti "nkhalamba zonse zibwere"? Mlembi wa ku Dzivarasekwa

YANKHO: Ayi, musalembe choncho. Nkhalamba si mawu otukwana, koma taonani m'mene amayendera m'chiganizo: "nkhalamba ija yafika", "nkhalamba zibwere". Ndi mayendedwe omwewo a mbuzi yafika, nkhuku zibwere. Mayendedwe amenewa alibe "a" waulemu, choncho munthu wa imvi akamva dzina lake likutsatana ndi "ya" kapena "zi" mtima umamuwawa ngakhale asanene. Kankhalamba ndi chinkhalamba ndiye kunyoza kwenikweni.

Lembani kuti "Tikuitana makolo athu onse achikulire." Okalamba ndi mawu abwinonso, oyenera m'makalata ndi m'malipoti. Wolankhula pa mwambowo akhoza kuwatchula amvula zakale, kutanthauza anthu amene aona nyengo zambiri za dzinja, ndipo mudzaona nkhope zawo zikuwala.

Mawu awiri muwapewe. Oyamba ndi okhwima. Chimanga chikakhwima ndi bwino, koma mukati "agogo aja ndi okhwima" ambiri amamva kuti ali ndi zitsamba kapena ufiti. Miseche yotereyi yapitikitsa okalamba m'midzi, ena mpaka kuphedwa, ndipo ku Malawi lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Achiwiri ndi matchona. Mtchona ndi munthu amene anapita kunja kukagwira ntchito n'kukhalitsa osabwerera kwawo. Ambiri mwa amene mukuwaitanawo anafika mumzinda uno wa Harare ukadali kutchedwa Salisbury, ena m'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963, ndipo anakalambira kuno akulera ana ndi adzukulu. Iwo eni akhoza kudzitcha matchona pocheza, koma mawuwa akatuluka m'kamwa mwa wamng'ono amamveka ngati chidzudzulo chakuti anataya mudzi. Ngati mukufuna kuwalemekeza kwambiri, funsani mfunda wa aliyense msonkhano usanayambe, ndipo powapatsa mbale muziti a Phiri, a Banda, a Mwale, kapena kwa amayi, a Naphiri, a Nabanda.